NKHANU ZA M'MITSINJE YA KU MICHESI

Anzanga alimi, sabata ino ndifuna ndikutengeni ulendo wa ku Michesi, phiri lija laima pamwamba pa boma la Phalombe. Sitikupita kumsonkhano kapena kumsika wa fodya ayi. Tikupita kumtsinje kukakumba nkhanu. Ndidziwa kuti ena mwaseka kale, pakuti nkhanu ndi ndiwo ya ana oweta mbuzi, yosayenera kuikira mlendo. Sekani ndithu, koma tiyeni tipitire limodzi, chifukwa kanyama kameneka kali ndi uthenga umene mlimi aliyense ayenera kuumva.

NJIRA YA KU MICHESI

Ochokera ku Limbe adzera ku Chiradzulu. Ochokera ku Zomba adzera ku Jali, ndipo ochokera ku Mulanje apatukira pa Chitakale nazungulira phiri kudzera ku Likhubula. Njira zonsezi zikutulutsani pa chigwa cha Phalombe, dziko lathyathyathya la chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi fodya. Kale dera lonseli linali pansi pa boma la Mulanje, koma mu 1998 Phalombe inakhala boma palokha.

Mukafika pamenepo muona mapiri awiri. Lalikulu ndi la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa italika mamita 3,002. Laling'ono, limene laima palokha chakumpoto ngati mwana wopatukana ndi amake, ndilo Michesi. Pakati pa awiriwa pali mpata wotchedwa Fort Lister, ndipo msewu wopita ku Nkhulambe udzera momwemo. Mumpata umenewu munkadutsa anthu ogwidwa ukapolo, kuwatengera kunyanja yamchere, ndipo mu 1893 boma la atsamunda linamangapo linga kuti litseke njirayo. Mabwinja ake alipo kufikira lero.

Anthu amene anayendako kunyanja yamchereko, kumbali ya Quelimane, amasimba kuti madzi akaphwera amayi amalowa pamchenga ndi zitini nakumba tinyama tokhala m'zigoba ziwiri zotsekana, n'kukaphika. Ife kuno nyanja yotere tilibe. Tili ndi timitsinje totsika m'phiri, timene madzi ake amakathera mu mtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani, n'kukalowa m'nyanja ya Chilwa. Chimene timakumba ife m'timitsinje timeneti ndi nkhanu.

MMENE TINKAKUMBIRA

Ndili mwana, nthawi yabwino ya nkhanu inali Seputembala ndi Okutobala, chimanga chili m'nkhokwe, madzi atachepa m'mitsinje, masamba atauma m'minda. Masiku amenewo pakhomo pankadyedwa mfutso lero, mfutso mawa, ndipo matemba a ku Chilwa ankafuna ndalama. Agogo anga, amayi awo a amayi anga, akatopa nawo mfutsowo ankangoti, "Iwe, tenga kakhasu kako ndi chitini, tiye kukhwawa."

Tinkalawira dzuwa lisanakwere. Tinkadutsa minda ya chinangwa, n'kukwera mpaka pamene mitengo iyambira. Pamenepo ngakhale wotseka maso akanadziwa kuti wafika, pakuti kunja kuli kutentha koma pansi pa mikuyu, mbawa ndi katope pali zii. Madzi ake anali oyera, oti kamwala ka pansi kaoneka, ndi ozizira mpaka mano kuwawa. Pamiyala ina tinkapeza ndowe za katumbu zodzaza ndi tizidutswa ta zigoba, ndipo agogo ankati, "Mnzathu watsogola kale. Pamene adya katumbu, nkhanu zilipo."

Njira zogwirira zinali zitatu. Yoyamba ndiyo kugubuduza miyala. Muimirire kumunsi kwa mwala, kumene madzi akupita, ndipo muutukule pang'onopang'ono. Madzi avunduka, ndipo mwana wopupuluma apisa dzanja pomwepo nagwira matope okha. Dikirani madzi ayere. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi akayera muiona ili phee, yofanana ndi mwala, ndipo ikangoyamba kuthawa cham'mbali muigwire kumsana, chala chachikulu mbali iyi, chinzake mbali iyo, kumbuyo kwa zopanira zake.

Yachiwiri ndiyo kukumba. Nkhanu zazikulu zimakumba una m'gombe la mtsinje, ndipo una wokhalamo mwini muudziwa ndi matope atsopano pakhomo pake. Musayambe ndi dzanja. Yambani mwatokosa ndi kamtengo, chifukwa una wa nkhanu nthawi zina ulowamo njoka. Kenaka mukumbe ndi kakhasu motsata unawo kufikira mutapeza madzi, ndipo nkhanu muipeza itafika kumapeto, zopanira zili m'mwamba, yokonzeka kumenya nkhondo.

Yachitatu inali ya ife aulesi. Tinkamanga matumbo a nkhuku ku luzi n'kuponya m'dziwe. Nkhanu ikagwira nyamayo siifuna kutaya, ndipo mukakoka mwaulemu imabwera yokha mpaka kumtunda. Imafa ndi dyera, monga afera anthu ena.

Tsiku loyamba ine ndinaigwira chakumaso, ndipo inandipana chala mpaka magazi. Ndinalira ndi kuvina, ndikukutumula dzanja, koma iyo inangolimbitsa. Agogo anafuula, "Usakoke, mwana iwe! Viika dzanja m'madzi, ikusiya yokha." Ndinaviika, ndipo inataya n'kuthawa. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero, imvi zili mbuu.

MALAMULO AWIRI A AGOGO

Agogo sanapite kusukulu, koma kumtsinje anali ndi malamulo awiri amene sankalola mwana kuwaswa.

Loyamba linali lakuti mwala uliwonse umene wagubuduza uubwezere monga unaupezera. Ndikaiwala ankandibweza, ngakhale titayenda kale kamtunda. Ankati, "Kodi mlendo akadya kwanu, achoke atasasula denga?"

Lachiwiri linali lakuti nkhanu iliyonse uitembenuze uone kumimba. Yaimuna ili ndi kachivundikiro kopyapyala, kosongoka. Yaikazi ili ndi chivundikiro chachikulu, chobulungira, ndipo mukachitsegula pang'ono nthawi zina mupeza mazira, kapena tiana tamoyo tikuyendayenda. Yotereyo agogo ankaibwezera m'madzi, ngakhale chitini chikhale chopanda kanthu. Ine zinkandipweteka, pakuti zazikazi ndizo zonona.

Ndakula ndipo ndamva chifukwa chake. Nkhanu ya kunyanja yamchere imataya ana osawerengeka m'madzi, ndipo mafunde amawamwaza kutali. Nkhanu ya mumtsinje siitero. Imaikira mazira ochepa, aakuluakulu, imawafungatira kumimba kufikira ataswa, ndipo anawo amatuluka ali kale tinkhanu tathunthu, n'kukhalabe kwa amawo masiku angapo ngati mwana kumsana. Kotero ana a nkhanu amakulira mumtsinje womwewo umene anabadwira. Mukapha yaikazi imodzi ya mazira mwapha ndiwo za chaka chamawa, ndipo zikatha mumtsinje wanu sizibwerera msanga.

KUPHIKA KWAKE

Zina tinkadyera komweko. Tinkasonkha kamoto pathanthwe, kutali ndi udzu, n'kuika nkhanu pamakala. Chigoba chake chakuda chimasanduka chofiira, ndipo fungo lake limafika kutsidya. Tinkaswa zopanira ndi kamwala n'kuyamwa mnofu woyera wa m'katimo, tikunyambita kamchere kamene agogo ankamanga pansonga ya nsalu. Pochoka moto tinkauthira madzi mpaka utazimiratu.

Zotsala zinkapita kunyumba m'chitini, titaphimba ndi masamba onyowa, pakuti nkhanu imakhala ndi moyo nthawi yaitali kunja kwa madzi ngati siiuma. Yofera m'njira agogo ankaitaya, chifukwa nkhanu yakufa imaonongeka msanga. Kunyumba ankazitsuka kawiri katatu, n'kuzithira m'madzi owira ndi mchere. Zikafiira ankachotsa chigoba chapamwamba ndi tinthu tofewa totuwa tam'mbali, timene nkhanu imapumira, n'kudula thupi pakati. Kenaka ankabwezera mumphika ndi matimati, anyezi akakhalapo, ndi tsabola wa kambuzi mmodzi. Tsiku lina ankasinja tating'onoting'ono mumtondo, n'kusefa msuzi wake, n'kuphikira chigwada ndi nsinjiro. Msuzi umenewo, ndi nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi ufa wa makaka, unkatha m'mbale mpaka ana kukanganirana mphika.

Kudya nkhanu sikufuna munthu wofulumira. Mnofu wake ndi wochepa ndipo wabisala m'timipata, kotero munthu amaswa, kuyamwa, kulavula, uku nkhani zikukambidwa. Chakudya cha mfutso chinkatha msanga, aliyense n'kubalalika. Cha nkhanu chinkatisunga pamphasa mpaka mwezi utakwera.

Pano ndichenjeze amayi. Nkhanu muziiphika ipse ndithu, ndipo ana asadye yongowaula pamwamba. Ku maiko ena monga Nigeria ndi Cameroon, anthu odya nkhanu zosapsa amadwala nthenda ya tinyongolotsi tolowa m'mapapo, yotsokomola magazi ngati chifuwa chachikulu. Moto wokwanira umapha tinyongolotsi timeneti. Ndiponso ana asamasewere m'madzi odikha a kuchigwa, mmene muli nkhono, pakuti mmenemo ndimo muchokera likodzo. Alipo anzathu amene sadya nkhanu chifukwa cha chipembedzo chawo, ndi ena amene zimawatulutsa ziwengo. Amenewo musawakakamize, koma nawonso awerenge mpaka kumapeto, chifukwa zotsatirazi zikhudza aliyense womwa madzi.

TSIKU LIMENE PHIRI LINAGUMUKA

Pa 10 Malichi 1991, mvula yaikulu itagwa, phiri la Michesi linagumuka. Madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika m'makwawa n'kusesa midzi, minda ndi milatho ya ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ambiri sanapezeke n'komwe. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga ananenera a ku Zomba pamene phiri lawo linagumuka mu Disembala 1946. Ine nthawi imeneyo ndinali pantchito ku tauni, agogo atamwalira kale. Nditafika kwathu sindinazindikire khwawa lathu. Maiwe amene tinkaponyamo luzi anali atakwiririka, ndipo pamene panali nyumba za anansi athu panali miyala yokhayokha.

Patapita zaka 32, mu Malichi 2023, namondwe wotchedwa Freddy anabweretsanso zomwezo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo kwathu kuno dera la Nkhulambe linaonongeka koopsa. Madzi anadzera m'njira zake zakale, m'malo ena mmene anthu anali atamangamo nyumba. Paja madzi saiwala khwawa.

NDINABWERERA NDI MDZUKULU

Mu Okutobala 2024 ndinatenga mdzukulu wanga wobadwira ku tauni, amene nkhanu ankangoiona pachithunzi, kuti ndikamuonetse kumene agogo ake anakulira. Tinatenga kakhasu ndi chitini monga kale. Pamene kale mitengo inkayambira tinapeza zitsa, ndi maenje akuda a ootcha makala. Mtsinje unali mchenga wotentha, madzi akungoyenda ngati kachingwe pakati. Tinagubuduza miyala mpaka dzuwa kufika paliwombo, osapeza ngakhale mwendo wa nkhanu. Mwanayo anandiyang'ana nati, "Agogo, kapena munkangotinamiza?" Mau amenewo anandiwawa kuposa chala chija.

Pagombe panali bambo wina wachikulire akuthirira matimati, dimba lake litafika m'madzi mwenimweni. Titapatsana moni ndinafunsa, "Bambo, kodi nkhanu za muno zinapita kuti?" Iwo anati, "Achimwene, zinapita ndi mitengo. Mukazifuna kwerani." Ndinawafunsanso chifukwa chimene alimira mpaka m'mphepete. Anaika chitini pansi nati, "Munda wa makolo anga tinagawana anthu asanu ndi mmodzi. Ndikasiya gombe ili, ana anga adya chiyani?" Ndinasowa chowayankha, ndipo sindiwaweruza. Wootcha makala nayenso sapita m'phiri chifukwa chodana ndi mitengo. Imamutuma ndi njala.

Tinakwera. Patapita nthawi ndithu, miyendo yanga ikudandaula, tinalowa m'chigwembe mmene nkhwangwa sinafike, chifukwa m'potsetsereka kwambiri. Mphepo inasintha monga kale. Pansi pa mkuyu panali dziwe, masamba ovunda ali pansi pake. Mwala wachitatu umene tinatukula, madzi atayera, inali pomwepo. Mdzukulu wanga anakuwa mpaka phiri kuyankha. Tinagwira zisanu ndi ziwiri. Zitatu zinali zazikazi za mazira, ndipo ndinamuonetsa kumimba kwake, n'kumuuza abwezere yekha. Anakana poyamba, monga ndinkakanira ine, koma anabwezera. Zinayi zotsalazo tinaotcha pathanthwe, ndipo mwanayo anayamwa chigoba chilichonse kawiri.

CHIMENE NKHANU ITIUZA

Tsono taganizani, anzanga. Phiri ndi lomwelo, mtsinje ndi womwewo. Bwanji kumunsi kulibe nkhanu koma kumtunda zilipo? Nkhanu imafuna zinthu zitatu. Imafuna masamba ogwera m'madzi, pakuti chakudya chake chachikulu ndi masamba ovunda ndi tizilombo tokhala m'menemo. Imafuna mipata pansi pa miyala yobisalamo, makamaka pamene yafundula chigoba chakale ndipo thupi lili lofewa. Imafunanso madzi osaphwa chaka chonse. Mitengo ikadulidwa, masamba atha. Nthaka ya m'phiri ikakokoloka, mchenga utseka mipata ija. Ndipo mvula ikagwa pa nthaka yambee, imathamanga tsiku limodzi m'malo molowa pansi kuti izitulukira pa akasupe mu Okutobala.

Kodi si zomwezo zimene afuna mlimi? Midzi yambiri ya ku Phalombe imamwa madzi a m'mipopi yochokera m'mitsinje ya m'phiri, imene inayamba kuikidwa m'zaka za m'ma 1970. Mtsinje ukaphwa kumtunda, mpopi uuma kumudzi, ndipo dimba nalo lifota. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Nthawi zoterezi matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayo, ndipo madzi akabwerera ndizo zimadzazanso nyanja. Choncho mtsinje wamoyo ku Michesi ndi nkhokwe ya msodzi wa ku Chilwa.

Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa Napolo. Mvula ya 1991 ndi ya 2023 inali yoti ngakhale malo a nkhalango anagumuka. Koma phiri lometedwa limagumuka ndi mvula yochepa, ndipo gombe lopanda mizu limadyeka chaka ndi chaka mpaka munda wonse utapita. Nkhanu imachoka poyamba, madzi ndi nthaka zimatsata pambuyo. Ndiye mlonda wathu wosalipidwa.

ZIMENE TINGACHITE

Michesi ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, koma alonda a nkhalango sangaime pamtengo uliwonse. Mutu umodzi susenza denga. Nazi zinthu zimene mudzi uliwonse ungachite popanda kudikira ndalama.

Polima dimba, siyani kamzere m'mphepete mwa madzi, ndipo pamenepo mubzalepo nsungwi, nsenjere kapena udzu wa vetiva. Malowo sanatayike ayi. Nsungwi mudzalukira malichero ndi nkhokwe, nsenjere idzadyetsa mbuzi, ndipo mizu yake idzagwira munda wanu umene ukanapita ndi madzi. Nthambi ya mkuyu mukaizika pachinyontho mvula itayamba imaphuka yokha. Musatenthe tchire m'phiri pofuna mbewa. Musathire katupe m'maiwe, ndipo mpope wopoperera mankhwala a mbewu musautsukire mumtsinje, pakuti umapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Kambiranani ndi amfumu ndi alangizi a zankhalango kuti pa kasupe aliyense pakhale malo osadulapo mtengo. Ndipo koposa zonse, musamange nyumba m'khwawa kapena pamene pali miyala ikuluikulu yobulungira, chifukwa miyala imeneyo inabwera ndi madzi, ndipo madziwo adzabweranso. Wailesi ikachenjeza za mvula yoopsa, samukani usiku usanafike.

Inu amene mukhala kutali ndi Michesi, kaya ku Dedza, ku Ntchisi kapena ku Thyolo, nanunso muli ndi kamtsinje kanu. Chilimwe chikubwerachi tengani mwana mupite naye kumeneko, mukatukule miyala khumi. Mukapeza nkhanu, thokozani, bwezerani ya mazira, ndipo mwala muubwezere monga munaupezera. Mukapanda kupeza, musangobwerera kunyumba n'kuiwala. Kauzeni amfumu, ndipo mvula yoyamba ikagwa mukabzale mitengo pagombepo.